Chitseko cha Nyumba ya Masitima

Mbala ndazionapo zamitundumitundu pa ntchito yanga ya upolisi, koma yomasula chitseko n'kusiya loko wa mkuwa, kiyi ali pomwepo, ndinakaipeza ku Nyakamba basi. Si loko yekha ayi. Mahinjesi inawasiya atapukutidwa bwinobwino, masikuluwu onse ali m'kachitini ka mkaka, kachitiniko atakavundikira ndi njerwa kuti mvula isagweremo. Abale inu, imeneyi ndi mbala kapena mlamu wako wodzakuthandiza kusamuka?

Ine ndine Sajeni Lyton Chimtengo, mwana wa ku Dedza, kumene munthu amafunda bulangete ngakhale mu Okutobala. Boma linandiponya kuno kuchigwa, m'mbali mwa Shire, kumene yunifolomu imanyowa usanamalize kumanga mabatani. Tsiku limenelo ndinaima pakhomo pa Nyumba ya Masitima, ndikuyang'ana chibowo pamene panali chitseko, thukuta lili kamukamu, mutu utaima.

Chondiwawa chinali chakuti munthu anali kale m'chitokosi: Damiano, mmisiri wa matabwa. Anabwera naye kupolisi ndi anyamata a chipani, atamumanga ndi chingwe cha mbuzi. Tcheyamani wa nthambi, a Geresomo, anali atalengeza kale kuti Damiano wagulitsa chitsekocho kutsidya la mtsinje, kwa Apwitikizi. Masiku amenewo mawu otero sanali oseka nawo. Wakuba nkhuku ankapita kukhoti n'kubwerako. Koma wonenedwa kuti akudyera limodzi ndi anthu akunja ankakwezedwa sitima ya ku Limbe, ndipo mkazi wake sankauzidwa komwe wapita.

"Sajeni," anatero abwana anga a Insipekitala m'mawa umenewo, "sitima idutsa mawa masana. Chitseko chikapezeka tsidya lino, mlandu ndi wathu, tiuweruza konkuno. Chikapanda kupezeka, munthuyu akwera. Ine sindifuna kukwera naye limodzi."

Ndiye ndinauyamba, kufunafuna thabwa kuti munthu asakwere sitima.

* * *

Wodandaula anali a Francisco Semba, mkulu wa Bungwe Losamala Nyumba Zakale, amene kale anali kalaliki wa njanji. Bambowa ankavala tayi ngakhale pa dzuwa loswa mtengo, ndipo akamanena za nyumbayi ankachita ngati akunena za mayi awo owabala.

"Bungwe lanuli ndi la boma?" ndinawafunsa.

"Ayi, Sajeni. Nyumba ndi ya boma, koma bungwe ndi la ife eni, ndipo palibe wolipidwa. Timakumana Loweruka pakhonde pano. Wina asese ndowe za mileme, wina azule mizu ya kachere imene ikung'amba khoma, wina athire oyilo wakuda m'munsi mwa nsanamira kuti chiswe chibwerere. Chaka chatha tinapirikitsa anthu amene ankagumula njerwa kuseriku kuti akamangire uvuni. Njereza mukuionayi tinapaka ndi manja athu."

"Zonsezo chifukwa cha nyumba yopanda mwini?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Sajeni, masitima a pamadzi ankakocheza apa njanji isanabwere. Agogo athu ankatsitsa mchere ndi nsalu pakhomo ili, n'kukweza thonje pamutu. Iwo anatha, masitima anatha, chatsala ndi nyumba ino. Ndipo chitsekocho sichinali cha mbawa wamba. Chinachita kubwera pa sitima kuchokera kutsidya la nyanja. Kukhuthala kwake ngati mkono wangawu! Chiswe chinachitaya, mvula inachitaya. Amuna anayi kuti achidzutse ankayamba apuma kaye."

Anandiuza kuti anapita ku Blantyre kukapempha akuluakulu oona za zinthu zakale kuti nyumbayi ailembe m'gulu la zotetezedwa. Ali komweko, Shire inasefukira, njanji ndi msewu zinaduka, iwo n'kutsekerezedwa. Madzi ataphwa anabwera ndi uthenga wabwino m'kamwa, koma pofika anapeza pakhomo pali yasa.

"Andilonjeza kuti abwera kudzachiona chitsekocho ndi maso awo. Ndiwaonetsa chiyani? Mphepo?"

"Mlonda munalibe?"

"Tinali naye, Sebastiano. Anayamba kulonda pano ali mnyamata, azungu a masitima akadalipo. Kampani itachoka, iye sanachoke. Ankagona pa mkeka kuseri kwa chitseko chomwecho. Wamwalira m'masiku a chigumula, ine kulibe. Mlonda kumwalira, mbala n'kulowa. Si zachidziwikire?"

"Nanga Damiano mwamukayikira bwanji?"

"Ine sindinatchule dzina la munthu. Nditangoona chibowochi ndinathamangira kwa a Tcheyamani, n'kunena kuti ntchitoyi ndi ya munthu wodziwa zitsulo. Enawo anamaliza okha. Damiano ndi membala wathu, Sajeni. Denga ili anakhoma ndi iyeyo, ulere." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. "Sindikumvetsa."

"Tilipo awiri," ndinatero.

* * *

Damiano ndinamupeza atakhala pansi m'chitokosi, msana atatsamira khoma. Chinali chimunthu chachitali, manja ngati mafosholo, koma choyankhula motsitsa.

"Unamasula chitseko ndiwe?"

Anangoyang'ana pansi.

"Ukudziwa za sitima ya mawa?"

"Ndamva, bwana."

"Uli ndi mkazi ndi ana, iwe. Ngati sunabe, nena kuti sunabe!"

"Sindinabe."

"Ndiye kuti sunachikhudze?"

Ntchentche ina inatera pa mphuno pake, iye osaiingitsa.

"Unachigulitsa kutsidya?"

Apa ndiye anadzutsa mutu. "Ine kugulitsa chitseko chija? Nkhabe! Ndachipaka mafuta ndi manja angawa chaka ndi chaka."

"Chabwino. Chili kuti?"

Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali. "Bwana, mukachipeza muchita nacho chiyani?"

Ndinaona ngati khomo latseguka, ndipo ndinayankha mokondwa. "Ndichinyamula, ndikachigoneke pamaso pa a Insipekitala chikhale umboni. Aliyense aone kuti sichinaoloke mtsinje. Iwe sitima ikuphonya."

"Kulikonse kumene chili, mukachitenga?"

"Kulikonse! Ngakhale m'kamwa mwa ng'ona."

Anaweramitsa mutu. "Ndiye sindikudziwa, bwana."

Ha! Ndinatuluka ndikudziguguda pamutu. Ndamuuza munthu njira yopulumukira, ndipo njira yomweyo ndi imene yamutseka pakamwa. Ndinakwiya, ndisaname, koma ndinachitanso mantha, chifukwa munthu wosankha sitima ya ku Limbe ali maso ndinali ndisanamuonepo.

* * *

Pogwirira ntchito pake panali pansi pa mtengo wa msawu, kachisakasa ka udzu. Mkazi wake anandilandira maso atatupa. Ndinafunsa matabwa, anandiuza kuti onse anapita ndi madzi tsiku loyamba la chigumula, ndipo zoonadi panalibe ndi thabwa limodzi lomwe. Koma pa msomali panapachikidwa sowo, mano ake atabuntha, ena atathyoka. Mmisiri wosamala masikuluwu m'chitini angazunze sowo wake chomwechi? Pansi pa tebulo, pamene tsache silinafike, ndinapeza utuchi. Sunali wa mbawa, sunali wa mlombwa. Unali woderapo, wamafutamafuta, fungo lake ngati lamba wakale wa chikopa.

"Amuna anu anacheka chiyani apa?"

"Ine za ntchito ya amuna sindizidziwa, bwana."

Ngati anachigulitsa, anachichekeranji? Wogula chitseko chakale amachifuna chathunthu. Ngati anachicheka kuti apange mipando, mipandoyo ili kuti? Ndinayenda khomo ndi khomo ngati wogulitsa mankhwala a njoka za m'mimba, kusuzumira m'nyumba za eni. Tebulo latsopano panalibe, bedi latsopano panalibe. Anthu anali akadali kukolopa matope, ena akuphika nyika, mizu ija ya m'dambo, chifukwa mapira anaonongeka.

Padooko opalasa miyadiya, mabwato a kuno, anandiseka pamaso. "Bwana, masiku a madzi aja mwadiya unaoloka ndi wa ndani? Ngakhale mvuu zinathawira kumtunda. Ndipo chitseko chija mutachikweza mu mwadiya, mukakumana ndi nsomba pansi."

Kutsidya sichinapite. Kuno kulibe. Kumwamba kodi?

* * *

Pamsika ndinakapeza mayi Otilia, ogulitsa nsomba zouma, membala wina wa bungwe lija. Amenewa pakamwa pawo sipankatera ntchentche.

"Eee, a Sajeni athu! Takhalani apa pamthunzi, mwafiira ngati mphende yowamba. Chitseko? Chinapita ndi madzi chimenecho."

"Madzi a kuno amamasula masikuluwu n'kuwaika m'chitini?"

"Ndiye ndi chiswe."

"A Francisco akuti chiswe chinachitaya."

"A Francisco amanena zambiri, munthu wa sukulu uja. Kapena ndi mphepo. Usiku wina kunaomba chimphepo, mufunse aliyense. Tengani makakana awa mukadyere, musandikanire, mwaonda."

"Mayi, munthu akukwera sitima mawa."

Manja awo anaima pa nsomba. Kwa kanthawi nkhope yoseka ija inachoka, ndipo ndinaona kuti mayiwa sanagone masiku angapo.

"Damiano si mbala, Sajeni. Masiku onse aja anali pamaliro a Sebastiano. Ine mboni. Mudzi wonse mboni."

"Inu munali kuti?"

"Pamaliro."

"Mamembala ena a bungwe?"

"Pamaliro. Nanga tikanakhala kuti? Sebastiano anali wathu. Loweruka lililonse tikafika, tinkapeza atatitungira kale madzi osukira pakhonde."

"Ndiye palibe anapita ku Nyumba ya Masitima?"

"Kukatani?" anatero msanga, maso ali pa nsomba.

Ndinafunsa mamembala ena awiri, mphunzitsi ndi katekisiti. Mphunzitsi anati mwina ndi asodzi achilendo. Katekisiti anati za dziko lapansi n'zakutha. Koma onse, ndikafunsa komwe anali, yankho linali limodzi ngati nyimbo ya kwaya: pamaliro. Pa moyo wanga ndinali ndisanakumanepo ndi mudzi wathunthu wokhala ndi umboni umodzi. Aliyense anali ndi mboni, ndipo mboni iliyonse inkandinamiza. Chonamizira chake ndiye sindinkachiona.

* * *

Dzuwa litapendeka ndinapita kwa a Geresomo, mwini nkhani ya Apwitikizi. Ndinawapeza pakhonde atavula malaya, akazi awo akuwathowa phewa ndi kansalu ka madzi otentha.

"Sajeni, mwabwera bwino. Nkhaniyi musaivutikire. Mayi ake a Damiano kwawo n'kutsidya, aliyense akudziwa. Anthu oterewa ndi amene amabwezera chitukuko m'mbuyo. Ife tikumanga dziko, iwo akuzula zitseko!"

"Munamuona akuolotsa?"

"Kuona n'chiyani? Ine ndimadziwa anthu anga. Ayi, mayi, pang'onopang'ono, mundithyola!"

"Phewa latani, a Tcheyamani?"

Nkhope yawo inawala. Bambowa ankakonda kufunsidwa za iwo eni.

"Utsogoleri, Sajeni. Ine si tcheyamani wa pampando. Pa maliro a Sebastiano ndinanyamula nawo bokosi, kutsogolo kwenikweni, m'matope ofika m'mawondo. Phewa ili silinabwerere mpaka lero."

"Inali nkhalamba yonenepa?"

"Yonenepa kuti? Bango lenileni! Mukanainyamula ndi dzanja limodzi. Koma bokosi lake, mayo ine! Amuna asanu ndi atatu, tikusinthana pafupipafupi, lilime lili panja. Zingwe zotsitsira m'manda zinatsala pang'ono kuduka. Akuluakulu anati mtembo ukalemera chomwecho ndiye kuti mwini wake sakufuna kusiya ntchito yake."

"Bokosilo anakhoma ndani?"

"Damiano yemweyo. Pa ntchito ndiye amatha, chilungamo chinenedwe. Analikuta ndi nsalu yakuda bwinobwino, osaoneka ndi msomali womwe. Ndinamuyamikira pamanda pomwe m'mawu anga. Sindinkadziwa kuti ndikuyamikira njoka."

Ndinatsazika. Ndinayenda mpaka pa mlambe wa pamphambano, ndikuganiza za nsomba za mayi Otilia ndi sowo wobuntha uja. Kenaka miyendo inangoima yokha pakati pa msewu, wa njinga wina n'kutsala pang'ono kundigunda.

Matabwa onse a Damiano anapita ndi madzi tsiku loyamba. Msewu unali woduka. Nanga bokosi analikhoma ndi chiyani?

* * *

M'mawa mwake, tsiku la sitima, ndinakatenga a Francisco. Sindinawauze kanthu, ndinangoti andiperekeze kwa mkazi wamasiye wa Sebastiano. Tinayenda m'kanjira ka matope ouma, iwo akudandaula za akuluakulu a ku Blantyre, ine ndikupemphera kuti ndikhale nditalakwitsa.

Kanyumba kake kanali kumapeto kwa mudzi, ka udzu, chitseko chake cha bango chomangidwa ndi luzi. Gogo Emelia anali atakhala pa mphasa panja, mutu wometa, kansalu kakuda m'khosi. Atationa sanadzidzimuke. Anatiyalira mphasa ina, tinapereka moni, ndipo ndisanafunse kanthu anayamba okha.

"Mwachedwa, mwanangu. Ndimayesa mubwera dzulo."

"Gogo, bokosi la malemu linachokera kuti?"

A Francisco anandicheukira modabwa. Gogo Emelia sanandiyang'ane ine, anayang'ana iwowo.

"Baba Francisco, mumve ndi makutu anu, musamve za m'maluwa. Amuna anga anamwalira madzi ali ponseponse. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, maliro sadikira. Damiano anayenda mudzi wonse madzi ali m'chiuno, thabwa osalipeza. Adzukulu anati tingowakulunga mu mphasa. Ine ndinavomera. Koma Otilia anakana, anati munthu amene walonda nyumba moyo wake wonse sangapite ngati mtolo wa nkhuni."

Anapuma kaye, n'kuloza kanyumba kawo ndi mlomo.

"Mwambo mukuudziwa. Matabwa akasowa, timazula chitseko cha nyumba ya malemu, chikhale bokosi lake. Nanga changachi mukuchiona, bango. Ndiye Otilia anafunsa kuti, kodi bambowa kwenikweni ankagona nyumba iti? Ine ndi amene ndinayankha. Ndinati kuno ankangobwera kudzadya. Nyumba yawo inali ijayi. Ine ndinali mkazi wachiwiri, wamkulu anali nyumba ya azungu."

"Ayi," anatero a Francisco motsitsa. "Ayi, ayi."

"Anapita a bungwe lanu onse. Aphunzitsi anagwira uku, akatekisiti uku. Damiano anamasula akulira, akuti zitsulo tizisunge bwino, a Francisco adzazifuna. Anacheka tsiku lathunthu, sowo mpaka kutha mano."

"Anachicheka?" Mawu a Francisco anatuluka ngati a mwana. "Anachicheka ndi sowo?"

"Nanga munthu angalowe m'chitseko chosacheka?"

A Francisco anaimirira, anakhalanso pansi, anaimiriranso. Anamasula tayi, chinthu chimene Nyakamba yonse inali isanaonepo. "Zaka zonsezi tikuchitchinjiriza kwa chiswe, kwa akuba, kwa mvula. Ndapita mpaka ku Blantyre! Ndiye ochiononga n'kukhala ife tomwe? Bwanji osandiuza?"

"Tikanakuuzani nthawi yanji? Munatsika sitima, munaona pakhomo, munathamangira kwa a Tcheyamani chikwama chili m'manja. Pofika madzulo nkhani inali ya Apwitikizi. Ndani akanatsegula pakamwa? Ndipo Damiano anatilumbiritsa. Anati apolisi akamva, adzafuna umboni, adzafukula."

Apa ndi pamene ndinamvetsa chimene ndinachita m'chitokosi muja, ndi pakamwa panga pomwe. Ngakhale m'kamwa mwa ng'ona! Ndinachita manyazi mpaka m'mapazi.

Gogo Emelia anadzuka movutikira, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi khasu. Analiika pa mphasa pakati pa ine ndi a Francisco.

"Ndaganiza usiku wonse. Amuna anga samva njala, samva chikoti. Womva ndi amene ali m'chitokosi, ndi ana ake. Manda ali pafupi, dothi likadali lofewa. Kafukuleni. Mutenge chitseko chanu, mundibwezere mwana wa eni."

Ndinayang'ana khasulo. Lamulo linkafuna umboni, a Insipekitala ankafuna umboni, ndipo dzuwa linali likukwera. Koma kwathu ku Dedza ngakhale mfiti imadikira mdima kuti ichite zimenezi, ndiye ine ndichite masanasana nditavala yunifolomu ya boma? Osafukula, Damiano akwera. Kufukula, Damiano yemweyo sadzandikhululukira. Khoswe anali atakhala pa mkhate.

A Francisco anatola khasu lija. Analiyang'ana, analitembenuza, kenaka anapita kukaliimika m'mbali mwa khoma la kanyumba kaja.

"Mama Emelia, khasu ndi lolimira," anatero. "Tiyeni, Sajeni. Nthawi yatha."

* * *

Kupolisi tinapeza a Geresomo atafika kale, atavala malaya a chipani, kudzaonerera mkaidi akukwera. A Insipekitala anamvetsera nkhani yonse atagwira chibwano.

"Dikirani kaye," anatero. "Chitseko chili tsidya lino?"

"Chili tsidya lino, bwana."

"Ndiye chibwere."

"Chili pansi pa nthaka, bwana. Muli munthu."

"Nthano!" anakuwa a Geresomo. "Apangana kuti amupulumutse! Ngati chili m'manda, afukule tichione!"

"Zingatheke, a Tcheyamani," ndinatero mwaulemu wonse umene ndinali nawo. "Tikapempha chilolezo kwa akuluakulu. Koma popempha ndiyenera kufotokoza bwino mmene katundu wa boma anachokera pa nyumba ija n'kukafika m'dzenje. Amene anamasula, amene anacheka, ndi amene ananyamula. Makamaka amene ananyamula kutsogolo."

Dzanja la a Geresomo linapita lokha pa phewa.

"Ine ndinanyamula maliro," anatero potsiriza.

"N'zoona. Munayamikiranso bokosi pamaso pa anthu, munandiuza nokha dzulo. Ine ndikukhulupirirani kuti simunkadziwa. Koma a ku Limbe aja sindidziwa ngati amakhulupirira msanga. Mukuwadziwa ndinu."

Panja mbuzi ina inalira.

A Francisco anapita patsogolo pa tebulo, kolala ili yasa. "Bwana Insipekitala, wodandaula ndine, ndipo ndadzachotsa dandaulo langa. Boma linatipatsa nyumba ija kuti tiziisamala. Bungwe langa linakhala pansi ine kulibe, linagamula, linapereka chitseko kwa mlonda wake. Sindinagwirizane nazo, mwina sindidzagwirizana nazo mpaka kufa. Koma si kuba. A ku Blantyre akabwera, woyankha ndine. Akafuna womanga, amange ine."

A Insipekitala anatiyang'ana mmodzimmodzi, anapukuta thukuta m'khosi.

"Sajeni, tandithandiza. Chitseko chinabedwa kapena sichinabedwe?"

"Chinachoka, bwana, koma sichinabedwe."

"Chapezeka kapena sichinapezeke?"

"Chapezeka, koma sitingachione."

"Nanga za Apwitikizi? A Tcheyamani?"

A Geresomo anatsokomola. "Zimenezo zinali mphekesera za anthu. Ine ndinangozipereka monga mtsogoleri. Damiano ndi mwana wathu, tonse tikumudziwa."

"Mutu wanga ine," anatero a Insipekitala. Anatsegula dilowa, anatulutsa makiyi n'kundiponyera. "Kamutulutseni ndisanayambe kumvetsa."

Ndikuyenda m'kakhonde kopita kuchitokosi ndinamva sitima ikulira chakumwera. Damiano nayenso anaimva. Nditatsegula ndinamupeza ataimirira kale, malaya atamanga mabatani onse, manja atawatambasula kuti ndimumange unyolo.

"Tsitsa manja," ndinatero. "Sukwera. Tachipeza chitseko. Zipita kwanu."

Sanasunthe. Nkhope yake inachita phulusa. Anayang'ana nsapato zanga, anayang'ana mawondo a buluku langa, ngati akufunafuna dothi. Kumbuyo kwanga kunali a Francisco, ndipo anawayang'ananso manja.

"Bwana," anatero monong'ona, "mwafukula?"

"Sitinafukule."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono, Damiano. Madala ali gone."

Chimunthu chonse chija chinakhala pansi pakhomo pa chitokosi, mwendo wina mkati wina kunja, n'kuyamba kulira mokweza ngati maliro achitika lero. A Francisco anagwada pambali pake pa simenti yakuda ija, n'kumugwira phewa, nawonso misozi ili mbwembwembwe. Sitima inaima pa siteshoni, inalira, inanyamuka. Ine sindinadziwe chochita, ndiye ndinangovula chipewa n'kuima pomwepo mpaka atamaliza.